Njala ya Wokalamba Siifuula

Mwezi wa Okutobala ukafika, dzuwa limakhala ngati latsika kudzakhala pa madenga a nyumba. Ku cigwa ca Luangwa kutentha kumafika madigiri 40, zitsime zimaphwa, ndipo nkhokwe za mabanja ambiri zimakhala zitayamba kuonetsa pansi. Tsiku loyamba la mwezi womwewu ndilo limene bungwe la United Nations linapatula mu 1990 kuti likhale lokumbukira anthu okalamba. Pa tsikulo pamakhala nyimbo, magule ndi mau okoma a alendo olemekezeka, koma fumbi la magalimoto likatha, wokalamba amatsala ndi adani ake awiri amene mapazi ao samveka, ndiwo njala ndi ludzu.

Mwana akamva njala amalira mpaka mudzi wonse udziwa. Mnyamata akamva ludzu amathamangira ku mtsuko osapempha munthu. Wokalamba sali tero ai. Iye amakhala cete pa mphasa yake, amakankha mbale pang'ono nanena kuti wakhuta, ndipo popeza mau a munthu wamkulu satsutsidwa, mbale imacotsedwa. Mawa lake zimacitikanso cimodzimodzi. Pakapita miyezi itatu, citenje cimene cinali kumzungulira kamodzi ndi theka cayamba kumzungulira kawiri, ndipo anthu amangoti, "Ndi ukalamba umenewo." Koma kuonda kofulumira si ukalamba. Kawirikawiri ndi cizindikiro ca matenda kapena ca kusadya mokwanira, ndipo zonse ziwirizi ziri ndi cithandizo cake.

Kale nkhani ya nyumba zosungiramo okalamba inali yacilendo m'makutu a anthu. Pakati pa Acewa, Angoni, Ansenga, Akunda ndi mitundu ina, munthu anali kukalambira pakati pa mbumba yake, adzukulu akumtungira madzi ndi kumsonkhera moto. Zinthu zinayamba kusintha pamene migodi ya ku Copperbelt ndi mafamu a m'mbali mwa njanji anakoka amuna ocokera ku midzi yakutali ndi ku maiko oyandikana ndi Zambia. Ena mwa iwo anasanduka machona, nakalambira ku tauni njira ya kwao itamera udzu. Pambuyo pake matenda a Edzi anatenga ana amene akadasunga makolo ao, ndipo okalamba ena anapitikitsidwa m'midzi ponamiziridwa ufiti. Anthu otere ndiwo amapezeka m'nyumba monga ya Maramba ku Livingstone ndi ya Chibolya ku Mufulira, zimene ziri m'manja mwa Boma, ya Mitanda ku Ndola imene amayendetsa a Salvation Army, ndi ya Divine Providence ku Chawama mu Lusaka imene amayendetsa a Katolika.

Munthu angaganize kuti amene walowa m'nyumba yotere wasiyana nayo njala, popeza mphika umakhala pamoto tsiku liri lonse. Komatu madokotala a m'maiko ambiri, ngakhale olemera kumene cakudya sicisowa, apeza kuti kuperewera kwa cakudya ndi madzi m'thupi ndi bvuto lofala pakati pa okhala m'nyumba za okalamba. Cifukwa cake ncakuti cakudya cimene caphikidwa ndi cimene calowa m'mimba ndi zinthu ziwiri zosiyana. Wophika amawerenga mbale zimene zatuluka m'khichini, koma ofunika koposa ndi maso amene amayang'ana mbale pobwerera. Phunziro limeneli silikhudza nyumba za m'tauni zokha. Likhudzanso banja liri lonse la kumudzi limene liri ndi kanyumba ka ambuya kuseri kwa nkhokwe.

Nanga ncifukwa ninji wokalamba amabweza cakudya?

Coyamba ndi m'kamwa. Mano akaguluka kapena akamagwedera, cimanga cokazinga, nyama yofutsa ndi kapenta wouma zimasanduka cilango. Malovu amacepa, ndiye mbamu ya nsima yolimba imakana kutsika. Lilime ndi mphuno zimafooka, kotero kuti ndiwo zimene ena akuziyamikira, kwa iye zimamveka ngati madzi. Ena amakhala ndi zilonda kapena zoyera-yera m'kamwa zimene amabisa cifukwa ca manyazi. Amene anadwalapo matenda ofa ziwalo amatsamwa kawirikawiri, ndipo mantha a kutsamwa amawacititsa kukana cakudya.

Caciwiri ndi manja ndi maso. Dzanja lonjenjemera limataya msuzi pa cobvala, ndipo munthu amene anali mwini mbumba safuna kuti adzukulu amuone akudzitayira ngati khanda. Wakhungu sadziwa kumene kuli mbale ya ndiwo pokhapokha wina atamgwira dzanja ndi kumsonyeza. Mwambo wodyera m'mbale imodzi ndi wabwino, koma umapweteka wodya pang'onopang'ono, pakuti pamene iye ameza mbamu yacitatu, anyamata amakhala atayamba kale kusamba m'manja.

Cacitatu ndi mtima. Mkazi amene waika mwamuna wake m'manda, kapena nkhalamba imene abale ake sanaiyendere kwa caka cathunthu, njala imaithawa. Cakudya cimakoma ndi anthu, ndipo munthu wodya yekha atayang'ana cipupa amadya pang'ono. Palinso ambuya ambiri amene akulera ana amasiye. Iwo amanena kuti adya kale, pamene mtanda wao wa nsima augawira adzukulu. Cikondi cotere ncolemekezeka, koma ambuyawo akagwa, ana aja amakhala amasiye kaciwiri.

Cacinai ndi matenda obisika. Cifuwa cacikulu ca TB, matenda a shuga, khansa ndi kacirombo ka HIV zonse zimaondetsa munthu, ndipo sizisankha msinkhu. Mankhwala ena amaumitsa m'kamwa kapena kucititsa mseru. Munthu woiwala-iwala cifukwa ca matenda a ubongo angathe kuiwala kuti sanadye, kapena kusazindikira kuti cimene ciri patsogolo pake ndi cakudya.

Nkhani ya madzi ndiyo yoopsa koposa, cifukwa njala imapha pa miyezi koma ludzu limapha pa masiku. Thupi la munthu wacinyamata liri ndi madzi okwana ngati magawo 60 pa 100 a kulemera kwake, koma pa ukalamba madziwo amatsika kufika ngati theka, cifukwa minofu imene imasunga madzi yacepa. Impso nazo zimaleka kugwira madzi bwino monga kale. Coipitsitsa ncakuti belu la m'thupi limene limauza munthu kuti ali ndi ludzu limafooka, kotero wokalamba angathe kuuma m'kati koma osamva ludzu konse. Akakana kapu ya madzi sakunama ai, thupi lake ndilo lamnamiza.

Pamwamba pa izi, okalamba ambiri amadzimana madzi mwadala. Cimbudzi ciri kutali, mawondo amawawa, usiku kuli mdima ndi njoka, ndipo palibe munthu wamkulu amene amafuna kudzuka pa mphasa yonyowa. Tsono amasankha kusamwa kuyambira masana. Amene amamwa mapilisi okodzetsa cifukwa ca BP kapena matenda a mtima amataya madzi ambiri koposa anzao. Kukabwera malungo, kusanza kapena kutsegula m'mimba, madzi ocepa amene anali m'thupi amatha mwamsanga.

Thupi likauma, wokalamba amafooka, amagona kwambiri, amamva cizungulire akaimirira, amadzimbidwa, amakodza pang'ono, ndipo lilime lake limauma. Kawirikawiri mutu umasokonezeka mwadzidzidzi. Munthu amene dzulo anali kukamba zanzeru lero sazindikira mwana wake, amaitana anthu amene anamwalira kale, kapena amatuluka usiku osabvala bwino napezeka pa khomo la eni. Apa ndi pamene midzi ina imalakwa kolakwa, pakuti anthu amathamangira kunena kuti mfiti yagwa pa ulendo wake. Munthu amene anafunika madzi, mankhwala ndi dokotala amalandira miyala ndi zitonzo. Kusokonezeka kwadzidzidzi kwa wokalamba ndi matenda ofunika cipatala tsiku lomwelo, ndipo mafumu ndi nduna zao acita bwino kuphunzitsa anthu ao zimenezi.

Azimai ambiri anaphunzira ku sikelo kuti mwana wotsegula m'mimba amamtsina khungu la pamimba kuti aone ngati libwerera msanga. Njira imeneyi siithandiza pa wokalamba, cifukwa khungu lake limacedwa kubwerera ngakhale ali bwino. Zizindikiro zinanso zimacedwa kuoneka. Cotero nzeru yeniyeni ndiyo kusadikira zizindikiro, koma kuwerenga makapu. Akatswiri a za kadyedwe amalangiza kuti mkazi wokalamba azimwa zakumwa zosacepera malita 1.6 pa tsiku, ndipo mwamuna malita 2. Kumeneku ndi kunena kuti makapu 7 kwa mkazi ndi makapu 8 kwa mwamuna, ngati kapuyo ndi ya kota ya lita. M'nyengo yotentha ndi pa nthawi ya malungo afunika oposa pamenepa. Okhawo amene dokotala anawauza kuti acepetse madzi cifukwa ca matenda a mtima kapena a impso ndiwo ayenera kutsata muyeso wa dokotalayo.

Kuwerenga kumeneku sikulira sukulu. Wosamala angathe kudzaza botolo la malita awiri m'mawa, nalipatula kuti likhale la ambuya okha, ndipo dzuwa likamalowa botolo lomwelo lidzanena zoona. Wina angathe kuika timiyala 8 m'mbale, nacotsa kamodzi pa kapu iri yonse imene yamwedwa. Si madzi okha amene amawerengedwa. Tiyi, mkaka, thobwa, munkoyo wosasasa, maheu, madzi a malambe kapena a bwemba, zonsezi ndi zakumwa, ndipo zipatso monga mavwende, malalanje ndi mango zimaonjezerapo. Kacasu ndi mowa waukali siziri m'gulu limeneli, cifukwa zimatulutsa madzi m'thupi ndi kupha njala. Makapu ambiri aperekedwe m'mawa ndi masana, ndipo usiku pakhale cikho kapena ndowa pafupi ndi pogona pamodzi ndi nyali, kuti mantha a cimbudzi athe.

Kafunsidwe nako kali ndi kanthu. Wofunsa kuti, "Ambuya, kodi muli ndi ludzu?" amayankhidwa kuti iai. Koma wogwada ndi kapu m'manja nanena kuti, "Ambuya, ndakubweretserani thobwa, lawani mundiuze ngati lapsa bwino," kawirikawiri amabwerera ndi kapu yopanda kanthu. Kapu ikhale yopepuka, ya cogwirira, ndipo ikhale pamalo pamene dzanja lifika.

Madziwo akhale owiritsa kapena othira klorini. Mliri wa kolera umene unabuka mu Okutobala 2023 ndi kupitirira mu 2024 unakula kotero kuti bwalo la masewera la National Heroes mu Lusaka linasandutsidwa cipatala, ndipo matenda otere amagwetsa wokalamba msanga koposa munthu wamphamvu. Wokalamba akayamba kutsegula m'mimba, apatsidwe madzi a ORS nthawi yomweyo. Ngati mapaketi a ku cipatala palibe, m'lita imodzi ya madzi abwino athiremo timasupuni ta tiyi 6 ta shuga tosasefukira ndi theka la kasupuni ka mcere, ndipo azimwa pang'onopang'ono ali pa ulendo wa ku cipatala.

Kunena za cakudya, pali cikhulupiriro cakuti munthu amene saliminso safunika kudya bwino, phala la madzi-madzi limkwanira. Nzoona kuti mimba ya wokalamba imalandira zocepa, koma thupi lake limafunabe zakudya zomanga thupi, ndipo pa kilogalamu iri yonse ya kulemera kwake limafuna zoposa za mnyamata. Muyeso wa akatswiri ndi galamu imodzi kapena kuposerapo pa kilogalamu iri yonse, ndiye kuti munthu wolemera makilogalamu 50 afunika magalamu 50 pa tsiku. Dzira limodzi liri ndi magalamu ngati 6, ndipo magalamu 100 a nshawa ali ndi ngati 25. Zomanga thupi zikasowa, minofu ya miyendo imasungunuka, munthu amagwa nathyoka fupa la m'ciuno, ndipo akagona nthawi yaitali amatuluka zilonda za pamsana zimene sizipola msanga.

Popeza mimba ndi yaing'ono, nzeru ndiyo kulemeretsa supuni iri yonse. Phala la mgaiwa lithiridwe nsinjiro, ufa wa soya wokazinga, mkaka, dzira kapena supuni ya mafuta ophikira. Kapenta asinjidwe mu mtondo kufikira akhale ufa, ndipo ufawo uthiridwe m'ndiwo kapena m'phala. Nyemba, nandolo ndi nzama ziphikidwe mpaka zifewe ndi kuzipota. Cibwabwa, bonongwe ndi khwanya zotendera zimatsika bwino, ndipo therere limathandiza mbamu kuterera pa mmero. Maungu, kandolo wofiira m'kati, mapapaya, nthoci ndi mapeyala sizilira mano. Nyama ya nkhuku kapena ya mbuzi iduliridwe tizidutswa ting'onoting'ono kapena isinjidwe. Nsima ya wokalamba iomoledwe poyamba isanalimbe. Shuga wogulitsidwa m'Zambia wakhala akuthiridwa vitamini A kuyambira mu 1998, ndipo cimanga ca mtundu wa olenji cimene cinatulutsidwa mu 2012 cimapatsanso vitamini yemweyo, koma wodwala matenda a shuga atsate malangizo a ku cipatala pa zotsekemera. Zambiri mwa zakudya izi ziri kale m'munda ndi m'dimba. Cimene cimasowa ndi munthu woganiza kuti ambuya apatulidwire zao.

M'malo mwa mitanda iwiri yaikulu pa tsiku, wokalamba adye kasanu kapena kasanu ndi kamodzi, pang'ono pang'ono. Akhale ndi mbale yake-yake, koma adyere pakati pa anthu. Akhale tsonga pamene akudya, ndipo asagone kufikira patapita theka la ola, kuti cakudya cisalowere ku mapapo. Amene amatsamwa ndi madzi, kutsokomola pomeza, kapena kusintha mau akatha kumwa, aonedwe ku cipatala, ndipo asamwetsedwe konse ali cigonere. Womdyetsa akhale pansi molingana naye, asaimirire pamwamba pake ngati kapitao, ndipo adikire kuti supuni yoyamba imezedwe asanapereke yaciwiri. Amene angathe kudzidyetsa yekha asalandidwe supuni cifukwa ca kucedwa, pakuti ulemu nawo ndi ndiwo. M'kamwa mutsukidwe m'mawa ndi madzulo ngakhale mano anatha. Kuyenda pang'ono pabwalo ndi kuothera dzuwa la m'mawa kumadzutsa njala ndi kulimbitsa miyendo.

M'nyumba zosungiramo okalamba, zonsezi zimafuna dongosolo. Munthu ali yense ayesedwe pa sikelo tsiku limene wafika, ndipo pambuyo pake mwezi ndi mwezi, kulemera kwake kulembedwe m'buku. Amene wataya magawo oposa 5 pa 100 a kulemera kwake m'miyezi 6 popanda kufuna, monga munthu wa makilogalamu 50 amene wataya makilogalamu 3, aonedwe ndi a cipatala. Pa nthawi ya cakudya nchito zina ziime, kuti manja onse akhale pa odya. Wolandira mbale alembe dzina la amene wasiya theka. Munda wa ndiwo ndi khola la nkhuku pa nyumba yotere zimapatsa cakudya, komanso zimapatsa okalamba amene ali ndi mphamvu cifukwa codzukira m'mawa. Ndipo wophika afunse cimene munthu anazolowera kwao, popeza wa ku Luapula amene anakulira nsima ya cinangwa ndi wa ku Mongu amene anakulira nsomba za mu Zambezi sangakondwe ndi mphika umodzi masiku onse. Kumudzi kumene kulibe sikelo, lamba, mphete ndi citenje ndizo mboni, ndipo pa tsiku limene mwana apita ku sikelo, palibe colakwa kupempha anamwino kuti ayesenso ambuya.

Pali nthawi imene banja siliyenera kudikira kuti kuce kawiri. Wokalamba akasokonezeka mutu mwadzidzidzi, akabvuta kudzutsa, akatha tsiku lonse osakodza, akamasanza ciri conse cimene wamwa, akatsegula m'mimba kwambiri, kapena akakana cakudya masiku awiri, ngolo kapena njinga ikonzedwe. Kutupa kwa mapazi nako si kunenepa ai, kungathe kukhala cizindikiro ca matenda a mtima, a impso kapena ca kusowa kwa zomanga thupi.

Boma liri ndi mbali yake. Bungwe la National Food and Nutrition Commission lakhala likulangiza dziko pa za kadyedwe kuyambira mu 1967. Ndalama za mtukula pakhomo za Social Cash Transfer zinayamba kuyesedwa ku Kalomo mu 2003, ndipo mu 2007 boma la Katete linasankhidwa kuyesa kupereka ndalama kwa anthu a zaka 60 ndi kuposerapo. Pamene cilala cinapsereza minda, Mtsogoleri wa dziko a Hakainde Hichilema analengeza pa 29 Febuluwale 2024 kuti dziko liri pa tsoka, ndipo cithandizo ca cakudya ndi ndalama cinatumizidwa m'maboma okhudzidwa. Koma pa zaka zotere wokalamba ndiye sakhoza kuyenda mtunda wautali kukalembetsa, ndipo sakhoza kusenza thumba. Ndi udindo wa mafumu, a makomiti a m'midzi ndi a mipingo kuona kuti dzina lake lalembedwa, ndi kuti ndalama zimene mdzukulu wakamlandirira zasanduka mazira, nshawa ndi kapenta, osati zobvala za mdzukuluyo.

Abale a amene ali m'nyumba za okalamba nawo asaganize kuti nchito yao inatha tsiku limene anamsiya pa cipata. Anchito a m'nyumba zimenezi ndi owerengeka, ndipo kudyetsa munthu mmodzi wofooka kungathe kutenga theka la ola. Mlendo wofika pa nthawi ya cakudya ca masana, atanyamula botolo la thobwa ndi nkhani za kumudzi, amathandiza koposa wobwera ndi bulangeti kamodzi pa caka kudzajambulitsa cithunzi. Magulu a azimai a m'mipingo amene amayendera odwala angathe kugawana masiku, kuti pa sabata pasapite tsiku lopanda munthu wokhala pambali pa amene alibe m'bale.

Makolo anati akulu-akulu ndi m'dambo mozimira moto. Mudzi umathamangira kwa iwo pa mlandu wa malire a munda, pa maliro ndi pa cinamwali, cifukwa ndiwo akudziwa kumene anthu anacokera. Koma dambo nalo limauma likapanda kulandira madzi. Manja amene lero akulephera kunyamula kapu ndi omwewo amene anapota phala la ana a mudzi wonse, nadikira moleza mtima kuti khanda limeze. Ngongole imeneyo siibwezedwa ndi bokosi lokongola kapena ng'ombe yophedwa pa maliro. Imabwezedwa munthu akali moyo, ndi kapu ya madzi yoperekedwa asanapemphe, ndi maso amene amaona cimene catsala m'mbale.